Zigamba Zanga pa Mchira wa Ndege

Ine manja anga samva kukhala. Bambo anga anali wokhoma zidebe pamsika wa Ndirande, ndipo ndinakulira pambali pawo, pakati pa malata, sizasi ndi kahamala. Mpaka lero ndikaona chitsulo chopindika mtima umandiwawa ngati ndaona mwana wamamina. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukamva zomwe ndinachita pa boda ya Salwa musati Fanuelo anali atapenga. Mutu unali bwinobwino.

Ku Doha ndinapita ngati dalaivala wa mathiraki. Kampani yathu inali ku Sanaiya, dera la magalaja ndi makampu a antchito, ndipo kwa zaka zinayi ntchito yanga inali kunyamula mabuloko ndi mapaipi kupita nawo kumasaiti. Ndinatopa nazo, abale. Korona itabwera anatitsekera m'kampu, anthu asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi, ndipo titatuluka m'menemo tinamva kuti lamulo lasintha: munthu utha kusiya kampani n'kulowa ina popanda kalata ya bwana, bola upereke notisi. Kampu yonse inatekeseka. Aliyense anali pa foni kusaka kolowera.

Ine kwanga ndinakupeza mwangozi. Kunja kwa mzinda, m'chipululu, kuli myuziyamu ya mkulu wina wachuma, yosungamo magalimoto akale ndi ndege zankhondo zakale. Tsiku lina ndinapititsako mabokosi, ndipo podikira kuti atsitse ndinatulutsa kahamala kanga n'kuyamba kuwongola madigadi ya thiraki. Nditadzutsa mutu ndinapeza bambo wina wa imvi ataima n'kumandiyang'ana. Anali a Osumani a ku Sudan, mkulu wa wekishopu yokonzera ndegezo.

"Unaphunzira kuti zimenezi?" anandifunsa m'Chingerezi chawo chapang'onopang'ono.

"Kwa bambo anga, bwana."

Anasisita madigadiyo ndi chala. Kenako anandilowetsa m'chiholo chachikulu momwe munali ndege zinayi zonyezimira, zoti ungametere ndevu pa phiko lake. Anati zonsezo zinabwera zili ziphapha.

"Pali ina tagula ku Omani," anatero. "Kampani yanu ndi imene ikatenge. Ukaibweretsa bwinobwino udzandipeze, tidzakambirane. Ndikusowa munthu wa malata."

Mawu ake anali amenewo basi. Koma ine, ndi phuma langali, sabata yomweyo ndinapereka notisi ya miyezi iwiri. Mudiri wathu, ndiye kuti manijala, anangokweza mapewa. "Kalasi, nkhani yatha, pita. Koma ku Omani upitabe, ukadali wanga." Ndinaimbira mkazi wanga Esinati kumuuza kuti mwamuna wake tsopano azikonza ndege. Pofika Lamulungu mpingo wonse wa ku Ndirande unali utamva.

Mapepala a ulendowo anachedwa, moti tinanyamuka nditatsala ndi masabata atatu okha a notisi. Tinali awiri mu thiraki ya lobedi, ija ya ngolo yaitali yotsika yonyamulira zolemera, ine ndi a Tembo, madala a ku Chipata amene anayendetsapo mathiraki mpaka ku Dar es Salaam. A Tembo pakamwa sipauma. Za popita ndisakutayireni nthawi, thiraki inali yopanda kanthu ndipo maboda atatu onsewo tinangodutsa ngati tikupita kumaliro a mfumu. Tinafika ku Thumrait, kumwera kwa Omani, tsiku lachinayi.

Ndege yake! Ndinachita kufunsa kawiri ngati sitinasokere. Inali kuseri kwa mpanda wa mkulu wina wogulitsa zitsulo zakutha, mbuzi zitagona pamthunzi pake. Sinali yathunthu, linali thupi lake kuyambira pokhala woyendetsa mpaka kumchira, ndi phiko limodzi atalikhazika pambali. Utoto unali utapserera ndi dzuwa. Pampando wa woyendetsa panali ndowe za mbuzi zodzaza ndowa.

"Manje tayendera ichi?" anatero a Tembo. "Kwathu ichi ana sangaseweleko na kusewela."

Kireni ikukweza, maso anga anagwera pa mchira. Panali mabowo asanu ndi awiri, ena aakulu ngati chala chachikulu, ena oti ungalowetsemo dzira. M'mphepete mwake malata anali atang'ambikira kunja ngati chitini chotsegula ndi mpeni. Ndinadziwa kuti ndi zipolopolo, za nkhondo ina yakale ya kumapiri a kumeneko. Ndinangoti, ndege yabwinobwino kuiwononga chonchi, n'kumangitsa malamba, kuphimba tenti.

Tsopano mumve za wotchi imene inkatidya. Masiku amenewo boda iliyonse inkafuna tesiti ya korona yosapitirira masiku atatu. Akangokutokosa m'mphuno, nthawi yayamba kuwerenga. Ndiye katundu wathu anali wotambalala, wosalola kuthamanga. Ine phazi linkayabwa pa mafuta, a Tembo n'kumandimenya bondo.

"Iwe M'malawi, tanyamula nkhalamba. Yenda monga uli na agogo kumbuyo."

Kuchoka ku Thumrait kupita ku Haima ndi msewu woongoka kuti ndii, wopanda mtengo, wopanda phiri, wopanda ngakhale galu. Dzuwa lili paliwombo tinangomva phuu! Tayala la lobedi. Tinatsika, phula likutentha mpaka kudutsa soli ya nsapato. Jeke inkamira m'mphepete mwa msewu, tinachita kuyala matabwa. Mabawuti awiri anakana. A Tembo analumphira pa sipanala ndi thupi lawo lonse, akutukwana m'Chinsenga, mpaka anagwa chagada. Ndinaseka. Theka la tsiku linathera pamenepo.

Ku Haima tinagula tayala lina ndi tiyi wa karaki m'tikapu tapepala. Tinadutsa Adam, Nizwa, Ibri, ine maso ali pa wotchi, mapiri okongola amene anthu amajambula aja sindinawaone n'komwe. Pa boda ya Hafeet, yotulukira m'dziko la Omani, tinafika tesiti ikadali ndi moyo, ndinapuma. Koma wa kasitomu atakweza tenti anabwerera m'mbuyo.

"Iyi ndi ndege yankhondo?"

"Yakale, bwana. Ya ku myuziyamu."

"Ili ndi mfuti?"

Ndinafuna kumuuza kuti ili ndi ndowe za mbuzi, koma pa boda sipochitira nthabwala. Anaitana mnzake, mnzakeyo anaitana wamkulu wawo, wamkuluyo anati pabwere katswiri adzaone ngati mulibe zophulika. Sindiwadandaula, ntchito yawo ndi imeneyo. Koma katswiriyo anabwera mawa lake, analowetsa mutu m'kati, anayetsemula, n'kusaina. Tesiti yathu inafera pomwepo. Ku Al Ain anatitokosanso m'mphuno.

Kuchokera apo ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka ku Ghuwaifat, polowera ku Saudi. Mzere wa mathiraki tinauona tisanaone boda yake. Unkasuntha kutalika kwa thiraki imodzi, kenako zii kwa ola. Kuzima injini, kuliza, kusuntha, kuzima. A Tembo anandifotokozera za akazi awo onse awiri, za ng'ombe zawo, za m'bale wawo amene anadyedwa ndi ng'ona koma anabwerako. Ine ndinkangoti "eee, eee," ndikuwerenga pa zala masiku a notisi amene atsala.

Tinawoloka, tinayenda chidutswa cha Saudi chija, ndipo tinafika pa Salwa. Apa ndi pakhomo penipeni, kuwoloka apo ndi Abu Samra, kwathu ku Qatar, maola awiri okha kufika ku myuziyamu. Ndinapereka mapepala pawindo mtima uli m'malo. Mkulu wa pawindoyo anayang'ana pepala, anayang'ana wotchi, n'kundibwezera.

"Yatha."

Tesiti yathu inali itapitirira ndi maola atatu. Atatu okha! Anatiuza kuti tikaime pa bwalo la mathiraki tikayezetsenso. Yanga inatuluka bwino. Ya a Tembo inatuluka yosadziwika, si inde si ayi, ndipo anati adikire masiku awiri abwerezenso. Popeza tinali mu thiraki imodzi, nanenso ndinali womangidwa.

Bwalo limenelo ndi mchenga ndi mathiraki basi, ndi kalesitilanti kamodzi ka Apakistani. Tsiku loyamba ndinatsuka thiraki yonse. Ndinamanganso malamba amene anali omangika kale. Ndinazungulira bwalolo kasanu. A Tembo anayala katoni pansi pa lobedi n'kugona ngati ali pakhonde kwawo, ine kukhala pansi kunkandikanika.

Tsiku lachiwiri m'mawa munalowa voisi noti ya Gifiti, mnyamata wa ku Dedza amene ankalondera pa geti ya myuziyamu. "Achimwene, muli kuti kodi? Kuno kwabwera Mfilipino wina, ankagwira ntchito kokonza ndege, akuti anamuchotsa chifukwa cha korona. Wabwera ndi fayelo ya masatifiketi yonenepa chonchi. A Osumani amuzungulitsa wekishopu yonse dzulo. Ndati ndikutsineni khutu."

Ndinaimvera katatu. Mutu unaima. Ine satifiketi yanga ndi laisensi yoyendetsera basi, sukulu ndinalekeza fomu thu. Notisi yatsala masiku asanu ndi limodzi. Esinati wauza kale dziko lonse. Ndinakwera pa lobedi, ndinakweza tenti, ndipo mabowo aja anali pompo akundiyang'ana. Maganizo anabwera okha: mnzangayo ali ndi mapepala, ine ndili ndi manja. Bwanji a Osumani akavundukule tenti n'kupeza ntchito itayambika kale?

Ndinapita ku kalesitilanti kuja n'kugula thireyi yaikulu ya aluminiyamu, imene amadyeramo mpunga anthu asanu. Dalaivala wina wa ku Siriya anandibwereka chokhomera maliveti ndi dirilo ya batire. Sizasi, tupa ndi kahamala ndinali nazo m'bokosi langa. A Tembo atamva go go go anatuluka pansi paja akutikita m'maso.

"Iwe, manje ufuna kuchita chani?"

"Ndikuyambapo pang'ono, madala. Zofunika kukonzedwa kale izi."

"Uyo katundu ni wa eni ake. Ise ni onyamula chabe."

"Inu simunalowemo m'chiholo muja. Ndege zake zimachita kuwala. Iyi akufuna ikhale choncho."

Anangoti, "Kaya." Patapita kanthawi anali atandigwirira chitsulo kuseri kwa lata kuti ndigogode bwino. Kudikira kumagonjetsa aliyense.

Ntchito yake ndinaigwira monga anandiphunzitsira bambo. Chigamba sichikhala pa lata long'ambika, uyenera kuyamba wadula zong'ambikazo. Ndinadula m'mphepete mwa bowo lililonse, ndinapala ndi tupa mpaka linakhala lozungulira bwino, losalala loti sungadzicheke. Ndinasema zigamba pa thireyi ija, ndinazipinda kuti zitsate mimba ya mchirawo, ndinaboola timabowo ta maliveti motalikirana mofanana. Ndinkagwira m'mawa dzuwa lisanakwiye ndi madzulo likapepa. Kwa nthawi yoyamba pa ulendo wonsewo mtima unakhala pansi.

Madalaivala anzathu anasonkhana. Anepali, Asudani, Apakistani, onse masiki ali pachibwano, akuloza, akujambula ndi mafoni. Msiriya uja anasisita chigamba chimodzi n'kupsompsona zala zake. "Mashala, habibi! Injiniya!" Ndinamva kukoma, ndisaname. Zigamba zisanu ndi ziwiri, zogona kuti phwatalala, zoti ukatseka maso chala sichingadziwe polumikizira. M'moyo wanga sindinagwirepo ntchito yokongola ngati imeneyo.

Tesiti yachiwiri ya a Tembo inatuluka yabwino tsiku lachinayi. Tinawoloka, pa Abu Samra tinaonetsa pa mafoni athu chizindikiro cha girini chosonyeza kuti tilibe korona, ndipo ndinayendetsa msewu wa ku Doha ndikuimba nyimbo za kwaya. Gifiti anatitsegulira geti akumwetulira. A Osumani anatuluka atavala magolovesi oyera, m'manja muli zithunzi zimene mkulu wa ku Thumrait uja anawatumizira. Kumbuyo kwawo kunali anthu awo atatu, ndi Mfilipino uja.

Ndinamasula malamba ndekha. Tenti ndinaikoka mwamphamvu kuti mchira uonekere kamodzi, zigamba zanga zinawala ndi dzuwa. Ndinaima pambali manja kumbuyo, ndikudikira.

A Osumani anayang'ana chithunzi. Anayang'ana mchira. Anayang'ananso chithunzi. Anakwera pa lobedi pang'onopang'ono, n'kuika chala pa chigamba chimodzi.

"Wachita ndani izi?"

"Ndine, bwana." Ndinayankha monyadira, tangoganizani.

"Pansi pakepa, mabowo ali momwe analili?"

"Ayi bwana, ndinawakonza kaye. Ndinadula zong'ambika zonse."

Anakhala pansi pa lobedi pomwepo, munthu wamkulu, ndi zovala zake zoyera. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Fanuelo, ndege zonyezimira ndili nazo zinayi. Iyi sitinaigule kuti inyezimire. Tinaigula chifukwa cha mabowo amenewa. Munthu amene ankaiyendetsa anaomberedwa kuchokera pansi, anauluka nayo choncho mpaka anakaitsitsa pamchenga, ndipo anatuluka wamoyo. Zong'ambika zimene wadulazo ndi zimene timawerenga ife. Zimatiuza kuti chipolopolo chinachokera mbali iti, chinali chachikulu bwanji, chinatulukira pati. Zakhala zaka zonsezi padzuwa, mbuzi sizinaziwononge." Anapuma. "Tizidutswato tili kuti?"

"Ku Salwa, bwana. Pamchenga."

A Tembo anavula kapusi yawo ngati tili pamanda. Ndinayesa kunena kuti ndimafuna kuthandiza, koma mawu anatuluka theka.

Anandipatsa dirilo kuti ndichotse ndekha, popeza ndine ndinkadziwa momwe ndinakhomera. Liveti imodzi imodzi, iwo akujambula chilichonse. Chigamba chikagwa pankatsala bowo lozungulira bwino ngati pakamwa pa kapu, litazunguliridwa ndi timabowo tanga ta maliveti. Mfilipino uja ndi amene ankalandira zigambazo, n'kumaika chilichonse m'kathumba kake, akulemba nambala. Anali munthu waulemu, sanandiyang'ane kumaso.

Nditamaliza, a Osumani anatenga chigamba chimodzi n'kuchitembenuza.

"Ntchito iyi ndi yabwino," anatero. "Ndakhala ndi amisiri ambiri, ochepa angapinde lata chonchi popanda makina. Koma muno theka la ntchito ndi kudziwa posagwira. Sindingakusiye wekha m'chipinda ndi ndege."

"Ndiye za ntchito ija, bwana?"

"Iwala, mwana wanga."

Potuluka pa geti Gifiti anafuna kufunsa, a Tembo anamugwedezera mutu. Madala amene analankhula kuchokera ku Thumrait mpaka ku Salwa sanatsegule pakamwa mpaka ku Sanaiya. Notisi inali itatsala masiku anayi. Ndinalowa mu ofesi ya mudiri kapusi ili m'manja, munthu amene ndinamutsanzika ndi chifuwa chotukula, n'kumupempha kuti aifafanize. Anandisiya chiimire akumwa tiyi wake mpaka anatha, kenako anati, "Mawa faifi koloko, mabuloko, Al Wakra. Yala, nyamuka." Esinati ndinamuuza kuti za ndege zachedwa pang'ono chifukwa cha korona. Zinatenga miyezi itatu kuti ndimuuze zoona.

Chaka chotsatira, Lachisanu lina, ndinalimba mtima n'kupita ku myuziyamu kuja ngati mlendo wamba. Ndegeyo anaiika pakati pa chiholo, pamchenga wochita kuthira, yosapenta, yosawongola, monga tinaipezera, kungochotsa za mbuzi. Mabowo anga asanu ndi awiri anali pompo, ozungulira bwino. Pambali panali kabokosi kagalasi, m'kati mwake zigamba zanga atazindandalika, ndi chikwangwani cha Chiarabu ndi Chingerezi. Anthu amenewa sabisa kanthu. Chinafotokoza za woyendetsa uja, kenako chinati mabowowa sanali chonchi, anadulidwa ndi kutsekedwa ndi dalaivala wina pa ulendo wobwera nayo, ndipo maonekedwe ake enieni atsala pa zithunzi zokha.

Pafupi nane panaima bambo wina ndi mkazi wake. Anawerenga mpaka pansi, anayang'ana mchira, n'kupukusa mutu. Kenako anatembenukira kwa ine, munthu wosamudziwa, kufuna womuvomereza.

"Dalaivala ameneyu ndi bulu," anatero.

Ndinathokoza Mulungu kuti tinali tikuvalabe masiki. Ndinayang'ana zigamba zanga m'galasimo, maliveti ake otalikirana mofanana bwinobwino.

"Bulu weniweni, bwana," ndinayankha.